Kabotolo Koyeretsa Maso

Abale anga, zikomo pondipatsa mpata woti ndiyankhule. Inu amene mwakhala kumanzere kwangaku mundikhululukire, ndizikutembenukirani ndi mutu wonse ngati nkhuku yaona kabawi. Si mwano ayi. Diso la mbali imeneyo linapita kale, langotsala lodzaza nkhope. Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya ili lakumanjali, chifukwa linatsala pang'ono kutsatira linzake, ndipo likanapita sibwenzi ndafika pano ndekha.

Ine ndine Domingo, kwathu ndi ku Zobwe, kumtunda kozizira kuja. Malasha atayamba kukoka anthu kuno ku Moatize, nanenso ndinasiya khasu n'kutsika. Ndinali ndi karita yanga yoyendetsera galimoto, ndiye mwayi unandigwera, anandiphunzitsa kuyendetsa kamiyau, zimagalimoto za mumgodi zija, zimene tayala lake limodzi limaposa munthu ataimika mkono. Ndisanameyi, ndinali katswiri, ndipo ndinkadziwa kuti ndine katswiri. Ndikapita kwathu patchuthi ndinkavala nsapato za mgodi ngakhale popita kutchalitchi, kuti aliyense aone. Alamu anga akamakamba za mbatata zawo ndinkayasamula.

Fumbi la kuno simufunika kuuzidwa. Malaya oyera ukayanika m'mawa, pokaanula apeza mtundu wina. Ine linkandilowa m'maso. Ankayabwa, ankatuluka misozi, ankafiira ngati ndasuta chamba. Ndipo mukudziwa zimene zinkachitika pachipata tikamalowa ntchito. Kachipangizo kouzira mpweya kaja ndinalibe nako mantha, nthawi imeneyo sindinkamwa. Koma shefi, bwana wathu, ankayang'ananso m'maso. Akaona ofiira ankati sunagone, kapena wasuta, basi ukaonane kaye ndi a zaumoyo. Ndipo pakati pathu tinkauzana kuti munthu wopitapita kwa a zaumoyo ndi amene amayamba kukumbukiridwa ntchito ikamachepa. Kaya zinali zoona kaya ayi, ife tinkakhulupirira.

Tsiku lina m'basi ya kuntchito, shamwali wanga, mnzanga Alubetu, anandiona ndikutikita m'maso. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kabotolo kakang'ono koyera.

"Achimwene, donthezani aka. Tikamafika pachipata maso akhala ngati a khanda."

Ndinadontheza. Mawa lake kuyabwa kunali kutatha, maso ali mbee. Ndinamufunsa kumene amagula, iye anati pamsika pomwepa, osafuna pepala la dotolo. Kabotolo kameneko kankayenda m'basi monse ngati fodya wa m'mphuno, uyu adontheze apatsire mnzake. Ine ndinagula kanga. Ndikasiya masiku angapo maso ankafiira kuposa kale, ndiye sindinkasiyanso. M'mawa, masana, madzulo. Zaka zinapita choncho.

Alubetu mpaka lero akuona bwinobwino. Ndikunena dala zimenezi, chifukwa wina pano akuganiza kuti mnzanga uja amadontheza koma alibe kanthu. Inenso ndinkaganiza choncho.

Chinayamba ndi tinthu ting'onoting'ono. Kugunda mphuthu ya chitseko ndi phewa lamanzere. Kudzidzimuka munthu akatulukira pambali panga. Kenako kuntchito ndinakhula kagalimoto kakang'ono kamene kanaima kumanzere, ndinalumbira kuti panalibe kanthu pamenepo. Patapita nthawi ndinagwetsa mzati wa nyale. Anandiyeza maso powerengetsa zilembo pakhoma, ndinawerenga zonse mpaka zing'onozing'ono zapansi. Ndinatuluka ndikudzitama. Sindinkadziwa kuti matenda amenewa amadya m'mbali, pakati amasiya kuti adzamalizire.

Malasha atatsika mtengo, anthu anayamba kuchotsedwa. Munthu wogunda kawiri sachedwa kumuona. Ndinatuluka pachipata chija ndi nsapato zanga zokha.

Apa ndifulumire, chifukwa ambiri njira imeneyi mukuidziwa. Ndinati ndimwe kamodzi kuti mtima ukhale pansi. Baraka yogulitsira mowa inasanduka ofesi yanga. Njinga yamoto inapita, firiji inapita, mipando inatsatira. Mowa wa m'botolo utandikulira ndinatsikira ku nipa, kachasu uja. Akazi anga, mayi a Tereza, anapirira mpaka tsiku limene ndinagulitsa makina awo osokera. Sanakalipe. Anamanga katundu, anatenga ana, anakwera shapa, minibasi ya ku Zobwe. Ine ndinatsala, ndikugona pakhonde la baraka, ndikudzuka ntchentche zili kukamwa. Ndipo mverani izi: munthu amene ndinalibe ya buledi, kabotolo sindinkakasowa. Maso a chidakwa amafiira, ine sindinkafuna kuti anthu adziwe kuti ndine chidakwa. Tauni yonse inkandiona ndikugwa m'ngalande, koma maso anga anali oyera.

Mwini nyumba atanditulutsa, ndinakwera pamwamba pa matumba a simenti pa galimoto yopita kumalire, n'kukatsikira ku Zobwe. Ndinapita kwa apongozi, kumudzi kwa akazi anga. Ine amene ndinkati sindidzakhala mkamwini wolimira eni mudzi, ndinafika ndi kachikwama kamodzi. Anandilandira, koma manyazi ndinali nawo, ndipo manyaziwo ndinkawatsukira ku nipa ya kumeneko.

Tsopano ndifike pa tsiku limene zinthu zinatembenuka. Linali Lamulungu masana, anthu atabwera kutchalitchi. Ine sindinapite. Ndinakhala pampando pakhonde, mutu ukuwawa ndi za dzulo, ndikudikira chakudya. Kwathu mwana wamkazi akamapereka madzi osamba m'manja kwa bambo ake amagwada, ndipo sayankhula, amadikira mpaka bambo atambasule manja. Mayi a Tereza anaphunzitsa mwana wawo zimenezi bwino lomwe.

Chakudya chinaikidwa patsogolo panga. Ndinadikira madzi. Sanabwere. Ndinadikirabe, chakudya chikuzizira, mtima ukutentha. Ndinayamba kuganiza kuti ndi mmene amamuchitira mkamwini wopanda ntchito, ngakhale mwana wako akuyamba kukuderera. Ndinakuwa kuti mudzi wonse umve.

"Kodi pakhomo pano madzi anatha? Tereza ali kuti?"

Mawu anachokera pafupi penipeni, pambali pa bondo langa lamanzere.

"Ababa, ndili pano kalekale."

Ndinatembenuka. Mwana anali atagwada pa simenti yozizira, beseni lili m'manja, mikono ikunjenjemera ndi kulemera kwa madzi. Anali pafupi moti ndikanatambasula dzanja ndikanamugwira pamutu. Misozi inali ikutsika koma beseni sanalitule. Nthawi yonse ija iye ankaganiza kuti ndikumulanga, kuti walakwa china chake ndipo bambo ake safuna kumuyang'ana.

Mayi a Tereza anali ataima pakhomo, anaona zonse. Anabwera pang'onopang'ono, anaima patsogolo panga, anaika chikhatho chawo pa diso langa lamanja.

"Bambo a Tereza, mukundiona?"

Abale, munali mdima. Osati chifunga, osati mbuu. Mdima. Dzuwa lili pamutu, ine ndikumva fungo la utsi pa nsalu yawo, koma osaona kanthu. Anachotsa dzanja, anaphimba lamanzere. Ndinawaona, koma nkhope yokha. Mapewa awo, chitseko, mwana, zonse kunalibe, ngati ndikusuzumira pa bowo la nsungwi. Diso limodzi linafa ndili nalo m'mutu, ine osadziwa, chifukwa linzake linkaligwirira ntchito.

Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire. Ndinasamba m'manja, chifukwa mwana anali akudikirabe, koma chakudya sindinachikhudze.

Mawa lake apongozi anagulitsa mbuzi, ife tinakwera shapa. Pachipatala chaching'ono anatilembera kuti tipite kuchipatala chachikulu ku Tete, kumene kuli a maso. Kumeneko anandidontheza mankhwala oziziritsa diso, anandikhazika pa makina, kanthu kowala buluu kanakhudza diso pang'ono. Sizipweteka, musaope. Wondiyezayo ataona zimene makina anena anapita kukaitana dotora.

Dotorayo anali mayi wamfupi, wosachedwa ndi nkhani. Anayang'ana mkati mwa diso ndi kagalasi, anagwedeza zala uku ndi uku kuti ndinene ndikaziona. Kenako anafunsa ngati kwathu kuli wina amene anachita khungu, ngati ndinamenyedwapo padiso, ngati ndili ndi shuga. Zonse ndinati ayi.

"Nanga mumadontheza chiyani m'maso?"

Ndinati palibe. Mayi a Tereza anangopisa m'thumba la malaya anga n'kuika kabotolo patebulo.

Dotora anakatembenuza n'kupuma mozama. Anandifotokozera, ndipo ndikufuna mumve monga ndinamvera ine. M'diso muli madzi akeake, osati misozi, a mkati. Amapangidwa nthawi zonse ndipo amatuluka nthawi zonse kudzera m'kangalande kakang'ono. Mankhwala a m'kabotolo aja ndi amphamvu, amaletsa kutupa ndi kufiira, koma kwa anthu ena akawagwiritsa ntchito nthawi yaitali amatseka kangalandeko. Madzi akasowa kotulukira, tensau ya m'diso, ndiko kuti kukankha kwa madziwo, imakwera n'kumafinya mtsempha umene umatenga zimene taona kupita nazo ku ubongo. Dzina la matendawa ndi galaukoma. Ena amachita kutengera kumtundu, ena imabwera chifukwa cha kuvulala, shuga, kapena kutupa kwa m'diso. Yanga ndinagula pamsika.

Ndinafunsa ngati angandipale monga amachitira ndi ng'ala, agogo aja amabwera akuwatsogolera n'kubwerera akuyenda okha.

"Ng'ala ndi ina, bambo. Mtsempha ukafa sudzuka. Lamanzereli sindingalibweze, ndipo palibe angalibweze, musataye mbuzi zina pofunafuna. Ntchito yanga ndi inu ndi yoti pamene patsala kumanjaku pasatsekeke."

Ndinamuda mayi ameneyu tsiku limenelo. Lero ndimamuthokoza kuti sanandinyengerere.

Kabotolo kanatsala patebulo pomwepo. Anandipatsa mankhwala ena odontheza otsitsa tensau, ena a kuyabwa kuja amene alibe vuto limenelo, ndi mapiritsi. Mapiritsi amenewo ankandichititsa dzanzi m'zala, ndipo mowa unkamveka ngati ndikunyambita chitsulo. Ndikudziwa chifukwa ndinayesa. Koma musaganize kuti mapiritsi ndi amene anandisiyitsa kumwa. Tsiku lina ndinabwera nditaledzera, ndinagona osadontheza, m'mawanso osadontheza. Mayi a Tereza anandidikira kuti mutu uyere, ndiye anati:

"Bambo a Tereza, wakhungu ndingamusunge. Chidakwa ndinachisunga kale. Koma munthu wochita khungu chifukwa analedzera n'kuiwala mankhwala, ameneyo akasungidwe kwawo."

Sanabwereze. Ndinasiya mowa, ndipo sizinali zophweka. Tulo tinkasowa, ndinkakwiya ndi nkhuku zomwe. Njira yodutsa kwa mayi wotcheza nipa ndinaisiya, ndinkazungulira kumunda. Abambo a kutchalitchi ankabwera kudzakhala nane madzulo, nthawi imene khosi limayamba kuitana. Ndinagwapo kamodzi pamaliro, sindibisa, koma ndinadzuka.

Anthu ena akangosiya kabotolo tensau imatsika yokha. Ine ndinali nditadontheza zaka zambiri, kangalande kanali katawonongeka. Tinayesa mankhwala awa, kuwonjezera awo, tensau inkatsika pang'ono n'kukweranso. Dotora anati yatsala operasau.

Kumudzi aliyense anasanduka dotolo. Wina anati diso akalikhudza ndi mpeni ndiye basi. Wina anati amalitulutsa n'kuliika m'mbale. Ine ndinali ndi diso limodzi, ndiye mukhoza kuona mmene mtima unkagundira. Ndinamufunsa dotora maso ndi maso ngati lingafe pa operasau. Anati zoopsa zilipo, sangandinamize, koma ndikalisiya chonchi ndiye palibenso chokayikitsa, lidzafa ndithu. Ndinavomera.

Salitulutsa diso, amenewo ndi mabodza. Sanandigonetsenso tulo. Anabaya mankhwala pambali pa diso, anandifunditsa nsalu, ndinkamva akuyankhulana. Chimene amachita ndi kuboola kakhomo kakang'ono pamwamba pa diso, pansi pa chikope, kuti madzi aja azitulukira pamenepo pang'onopang'ono. Pamatsala kathuza kakang'ono, kobisika ndi chikope. Ndili nako pano, wofuna kuona abwere tikamaliza.

Atamasula bandeji ndinkaona mbuu kuposa kale. Ndinati anthu aja ananena zoona. Dotora anati ndi mmene zimakhalira masabata oyamba, ndidekhe. Anandiletsa kunyamula zolemera, kuwerama, kutikita diso, ndipo pogona ndinkavala kachophimba. Tinakhala kwa mlamu wanga ku Matundo, mu Tete momwemo, kuti tizifika msanga kuchipatala, chifukwa masiku oyambawo amafuna kukuona pafupipafupi.

Tsopano mverani uchitsiru wanga wachiwiri, chifukwa uwu ndi umene ukanandimaliza. Pa mankhwala amene anandipatsa nditachitidwa operasau, kabotolo kena nditakayandikiza kudiso ndinaona dzina lolembedwapo. Linali lomwe lija la pamsika. Ndinati apa alakwitsa, kapena sakudziwa mbiri yanga. Mankhwala amene anandiphera diso ndiwaikenso m'diso lotsalali? Sindinafunse munthu. Ena onse ndinkadontheza mokhulupirika, koma amenewo ndinkangoyerekeza, dontho linkagwera patsaya. Ndinkadziona wochenjera kwambiri.

Pa konsuta yotsatira, nditapita kukaonetsa diso, dotora anakweza chikope n'kukhala nthawi yaitali akuyang'ana. Kathuza kanali katafiira ndipo kankaphwa. Tensau inali itayambanso kukwera.

"Bambo Domingo, ndi ati amene simukudontheza?"

Ndinamuuza, ndipo ndinamuuza molimba mtima ngati ndamugwira kulakwitsa. Sanaseke, koma ndinaona kuti akudzigwira.

"Mwaganiza bwino, koma munayenera kundifunsa. Thupi lanu likuona kakhomo kaja ngati bala, ndiye likufuna kukapoletsa. Kakapola, katsekeka, ndipo tabwerera pomwe tinayambira. Mankhwala amenewa ndi oletsa kuti kasatsekeke. Inde ndi omwe aja. Kusiyana kwake n'koti pano pali munthu amene akuyeza tensau yanu, amene akudziwa tsiku loyamba kuchepetsa ndi tsiku losiya. Pamsika ankakuyezani ndani?"

Tsiku lomwelo anaziziritsa diso, analowetsa kasingano kowonda n'kumasula pamene panayamba kumata, anaikapo ndi mankhwala oletsa chipsera. Anati tikanachedwa pang'ono pakanafunika operasau ina yaikulu, yoika kapaipi m'diso, ndipo mwina akanatitumiza kutali. Kuchokera pamenepo udindo wodontheza unachoka m'manja mwanga. Mayi a Tereza ankandigoneka chagada, kukoka chikope, dontho limodzi, n'kundiuza kuti nditseke diso. Anachepetsa pang'onopang'ono monga dotora ananenera mpaka tinasiya.

Kakhomo kanagwira. Chifunga chinachoka. Bowo la nsungwi lija silinakule, ndipo silidzakula, koma zaka zapitazi silinachepenso. Ndikapita kukayezetsa, dotora amayang'ana makina n'kunena kuti tikaonane ulendo wina, ndipo ine mawu amenewo amandikwanira.

Galimoto sindidzayendetsanso, karita ndinaisunga m'sutikesi. Ndimalima kabichi ndi mbatata kudimba kwa apongozi, alamu anga omwe ndinkawayasamulira aja ndi amene anandiphunzitsa. Mbatata zimene mumagula pamsika pano, zina ndi zanga. Makina osokera ndinabweza, si atsopano koma amasoka. Ndimavala magalasi otchinga fumbi ndikamatsika kuno. Tsiku la konsuta sindiphonya, kaya kuli maliro kaya mvula, ngakhale diso lisakupweteka, chifukwa matendawa sapweteka. Ndipo anandichenjeza kuti diso lochitidwa operasauli likadzangofiira, kupweteka kapena kutuluka mafinya, ndisadikire mawa, ndithamange tsiku lomwelo. Ndiye onani mmene zinasinthira. Kale diso likafiira ndinkalibisa. Lero likafiira ndimakwera shapa kukalionetsa.

Ndikudziwa kuti pano pali matumba amene muli kabotolo. Sindikufunsani kuti muimike manja. Fumbi ndi lenileni, kuyabwa ndi kwenikweni, mantha a pachipata ndimawadziwa. Koma alipo mankhwala a kuyabwa amene satseka ngalande ya diso, ndipo wokuuzani ndi wa maso, osati mnzanu wa m'basi. Ngati mwakhala mukudontheza nthawi yaitali, musangotaya n'kukhala chete. Katengeni kabotoloko, mupite nako, mukaike patebulo nokha akazi anu asanakupiseni m'thumba, ndipo mukanene kuti ndiyezeni tensau ya m'diso. Kuwerenga zilembo pakhoma sikokwanira, ine ndinawerenga zonse. Amene muli ndi shuga, amene munamenyedwapo ndi mwala padiso, inunso nkhaniyi ndi yanu. Ndipo amene anakuuzani kale za operasau n'kuthawa, bwererani. Ine ndi diso limodzi ndinagona pa tebulo lija, ndipo ndi lomweli ndikukuonerani.

Mukafika kunyumba, phimbani diso limodzi ndi chikhatho muyang'ane pakhomo panu. Kenako linalo. Zimenezi sizilowa m'malo mwa makina a kuchipatala, koma ine ndikanachita zaka zingapo m'mbuyo, sibwenzi mwana wanga atagwada pa simenti paja mpaka mikono kunjenjemera.

Tereza ndi wamkulu tsopano, akuphunzira za unamwino. Akabwera patchuthi amandipatsabe madzi. Palibe anamuuza, koma kuyambira tsiku lija amazungulira kumbuyo kwa mpando, n'kudzagwada kumanja, patsogolo pang'ono. Ndipo ine sindidikira kuti afike pansi. Ndimamuona akubwera, manja ndimakhala nditatambasula kale.